Kiyibodi Ikakana Kulemba Kompyuta Itadzuka ku Tulo



Phunziro la ulendo uno likuchokera m'chipinda cha makompyuta, ndipo vuto lake ambiri mwa ophunzira mukulidziwa. Munthu amasiya ntchito ili pakati kupita ku swala ya Dhuhr kapena kukadya, pobwerako n'kupeza sikirini yathima. Akagwedeza mausi sikirini imayaka, ntchito yake ili pomwe anaisiya, koma kiyibodi osalemba ngakhale chilembo chimodzi. Lachisanu ndiye zimachuluka, chifukwa makina amakhala nthawi yaitali opanda owakhudza.

Kiyibodi payokha si nkhani yoti n'kudzazira tsamba. Chimene chatilembetsa ndi zimene zimatsatira. Mwana amene anali womaliza kukhala pa makinawo amatchedwa wowononga, ndipo nthawi zina kholo lake limauzidwa kuti ligule ina. Komiti imatulutsa ndalama ya minibasi kuti makina apite ku Limbe kwa okonza, pamene makinawo alibe chilema. Wophunzira wa Fomu 4 amene akukonzekera mayeso a MSCE a Computer Studies amathimitsa kompyuta mokakamiza chifukwa cha mantha, ntchito ya maola awiri n'kupita. Zonsezi zimachokera pa ganizo limodzi lolakwika, loti kiyibodi yafa. Kiyibodi imene imalemba bwino m'mawa wonse n'kumakana pokhapokha kompyuta ikadzuka ku tulo, kawirikawiri sinafe. Chinthu chowonongeka sichisankha nthawi yokanira. Chimene chachitika n'choti kompyuta yadzuka koma kiyibodi yatsala m'tulo.

Kodi kompyuta ikagona chimachitika n'chiyani?

Mu 1996 makampani a Intel, Microsoft ndi Toshiba anagwirizana pa malamulo otchedwa ACPI, onena za mmene kompyuta izigwiritsira ntchito magetsi. Malamulowa anapereka mayina ku magonedwe osiyanasiyana a kompyuta, ndipo atatu mwa iwo ndiwo akutikhudza.

Oyamba ndi Sleep, amene akatswiri amati S3. Amayi akumudzi amadziwa kukwirira makala ndi phulusa usiku kuti m'mawa angouzira moto n'kuyaka. Sleep ndi chimodzimodzi. Kompyuta imathimitsa sikirini, fani ndi zida zina zambiri, koma imasiya magetsi pang'ono akulowa mu RAM, komwe kumakhala zonse zimene munatsegula. N'chifukwa chake imadzuka m'masekondi ochepa. Achiwiri ndi Hibernate, kapena S4. Apa kompyuta imakopera zonse za mu RAM kuziika pa disiki mu failo yotchedwa hiberfil.sys, kenako n'kuthima kotheratu. Moto wazima koma nkhuni zayalidwa kale. Achitatu ndi kuthima kwenikweni, S5, komwe chilichonse chimayambira pachiyambi mukayatsa. Malaputopu ambiri atsopano ali ndi kagonedwe kena kotchedwa Modern Standby, komwe makina sagona tulo tofa nato koma amangowodzera.

Pogona, Windows imauza chida chilichonse kuti chipume: kiyibodi, mausi, zokuzira mawu, Wi-Fi. Podzuka iyenera kudzutsa chilichonse pachokhapachokha. Siilankhula ndi zidazi mwachindunji, koma kudzera m'timapulogalamu totchedwa driver, chida chilichonse ndi kake. Ophunzira a ku hostel akudziwa mmene zimakhalira m'bandakucha: wodzutsa anzake amayenda bedi ndi bedi, koma sipalephera mmodzi amene sanamve, kapena amene wadumphidwa. Kiyibodi yathu ndi ameneyo. Mwina driver wake ndi wakale ndipo sakugwirizana ndi Windows imene ili m'makinamo, mwina kabowo ka USB kanathimitsidwa posunga magetsi ndipo sikanayatsidwenso, mwinanso kachipangizo ka m'kati mwa laputopu kamene kamamvetsera mabatani kasokonezeka. Pa zifukwa zitatuzi palibe chofuna kugula chinthu chatsopano.

Musanakhudze batani lothimitsira

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphindi imodzi yofufuza imakuuzani komwe kuli vuto.

Yambani ndi mausi. Ngati kamuvi kakuyenda pa sikirini, kompyuta ili maso, vuto ndi la kiyibodi yokha. Ngati kamuvi nakonso kauma ndipo wotchi ya pakona yaima pa nthawi imene munachokapo, ndiye kuti kompyuta yonse yauma, ndipo kusintha kiyibodi sikungathandize kanthu.

Kenako dinani batani la Caps Lock kapena Num Lock uku mukuyang'ana kanyali kake. Ambiri amaganiza kuti kiyibodi imadziyatsira yokha kanyaliko, koma si choncho. Mukadina batani, uthenga umapita ku kompyuta, ndipo kompyutayo ndi imene imabweza lamulo loti kanyali kayake. Choncho kanyali kakamayaka ndi kuthima, dziwani kuti kiyibodi ndi kompyuta zikumvana, ndipo chimene chikutsekereza zilembo ndi china chimene tichione kutsogoloku. Kanyali kakapanda kusintha, kulumikizana kwaduka.

Musanayambe kukonza chilichonse, pulumutsani ntchito yanu. Mausi yokha ikukwanira: pitani pa File, dinani Save. Ngati failo ikufuna dzina, kapena ngati kompyuta ikufuna pasiwedi musanalowe, Windows ili ndi kiyibodi ya pa sikirini yotchedwa On-Screen Keyboard, imene mumadina zilembo zake ndi mausi. Pa tsamba lolembapo pasiwedi imapezeka mukadina kachizindikiro ka Ease of Access kapena Accessibility, pansi kudzanja lamanja. Mukalowa kale imapezeka mu Settings, pa gawo lomwelo, pansi pa Keyboard. Wophunzira aliyense aidziwe njira imeneyi tsiku la vuto lisanafike, chifukwa ndi imene imasiyanitsa wotaya ntchito yake ndi woipulumutsa.

Ntchito ikasungidwa, ngati kiyibodi ndi ya chingwe cha USB, zulani chingwecho, werengani mpaka 10, ndipo chilowetseni m'kabowo kena, makamaka ka kumbuyo kwa kompyuta. Timabowo ta kumbuyo tili pa bolodi lalikulu la makina penipeni, pamene ta kutsogolo timadzera m'tizingwe tina timene timatha kukhwepa. Kuzula ndi kulowetsanso kumachititsa Windows kuilandira kiyibodi ngati mlendo amene wangofika kumene, ndipo nthawi zambiri imayamba kulemba pompo.

Chenjezo kwa amene ali pa makina akale. Kiyibodi zina zili ndi pulagi yozungulira ya mtundu wa pepo, yokhala ndi timisomali 6. Imeneyo ndi PS/2, imene kampani ya IBM inayambitsa mu 1987. Yobiriwira ndi ya mausi. PS/2 sinapangidwe kuti izizulidwa makina ali oyaka. Mukaizula ndi kuilowetsanso kompyuta siizindikira mpaka mutayatsanso makina, ndipo timisomali take timapindika msanga munthu akakakamiza. Ya mtundu umenewu muziikhudza makina ali othima basi.

Restart ndi Shut down si chinthu chimodzi

Apa tikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi pamene anthu ambiri, ngakhale aphunzitsi, amanyengekera. Munthu amati, "Ndathimitsa, ndayatsanso, koma ikukanabe, ndiye kuti yafa." Tikafunsa mmene wathimitsira, amati wadina Shut down. Nzeru za tsiku ndi tsiku zimatiuza kuti Shut down ndiko kuthimitsa kwenikweni ndipo Restart n'kuthimitsa kwapatalipatali. Mu Windows ya masiku ano zili mosemphana.

Kuyambira pa Windows 8 ya mu 2012, mpaka Windows 10 ndi Windows 11, muli chinthu chotchedwa Fast Startup, chimene cholinga chake n'choti makina aziyaka msanga. Chikakhala chotsegula, Shut down imatseka mapulogalamu anu ndi kukutulutsani, koma mtima wa Windows pamodzi ndi ma driver onse imawakopera pa disiki mmene alili, monga imachitira Hibernate. Mawa mukayatsa, imangowatola pomwe inawasiya. Ngati driver wa kiyibodi anali atasokonezeka dzulo, akhoza kudzuka ali wosokonezekabe lero. Zili ngati kubwezera madzi akuda omwewo mumtsuko n'kumadabwa kuti sakuyera. Restart sichita zimenezo. Imataya zonse ndi kuyambitsa driver aliyense mwatsopano.

Choncho lamulo loyamba la m'chipinda chathu likhale ili: kiyibodi ikakana, sungani ntchito ndi mausi, kenako dinani Start, Power, Restart. Kiyibodi ikalemba pambuyo pa Restart, nkhani yoti mwana wawononga yathera pomwepo. Chinthu chothyoka sichichira ndi Restart.

Ife tikuona kuti pa makina a sukulu Fast Startup ingotsekedwa. Masekondi ochepa amene imapulumutsa m'mawa salingana ndi chisokonezo chimene imabweretsa. Njira yake ndi iyi: Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do, kenako Change settings that are currently unavailable, ndipo chotsani kuchonga pa Turn on fast startup. Pamafunika pasiwedi ya woyang'anira makina, ndiye ntchitoyi ndi ya mphunzitsi wa makompyuta osati ophunzira.

Kuti vuto lisabwerenso

Restart imachiza lero, koma mawa kompyuta ikagonanso vuto limabwerera ngati gwero lake silinakhudzidwe. Gwero lofala kwambiri pa kiyibodi za USB ndi kusunga magetsi. Windows imapatsidwa chilolezo chothimitsa kabowo ka USB kamene kakhala chete, ndipo kabowoko kakalephera kudzuka, chilichonse cholumikizidwa pamenepo chimakhala ngati chakufa.

Chilolezochi chili m'malo awiri. Oyamba ndi Device Manager, imene imapezeka mukadina Start ndi batani lakumanja la mausi. Tsegulani Universal Serial Bus controllers, ndipo pa mzere uliwonse wolembedwa USB Root Hub kapena Generic USB Hub pitani pa Properties, kenako Power Management, n'kuchotsa kuchonga pa mawu oti Allow the computer to turn off this device to save power. Mizereyi imakhala ingapo, ndipo anthu ambiri amakonza umodzi n'kusiya inayo. Konzani yonse. Malo achiwiri ndi Power Options: Change plan settings, Change advanced power settings, USB settings, USB selective suspend setting, ndipo sankhani Disabled. Pa malaputopu ena atsopano mzere umenewu suoneka, musavutike kuufunafuna.

Pa laputopu kusinthaku kumadya batire pang'ono. Pa kompyuta ya patebulo, imene ilibe batire, palibe chimene mukutaya.

Ngati zikupitirira, bwererani mu Device Manager pa gawo la Keyboards. Mupeza HID Keyboard Device ngati kiyibodi ndi ya USB, kapena Standard PS/2 Keyboard ngati ndi ya laputopu kapena ya pulagi yozungulira ija. Dinani ndi batani lakumanja, sankhani Uninstall device, kenako Restart. Mawu oti Uninstall asakuopseni. Windows imabwezeretsa driver wa kiyibodi yokha poyaka, ndipo sifuna intaneti kuti itero. Kachizindikiro kachikasu pambali pa dzina la chida ndi umboni woti driver wake ali ndi vuto.

Kiyibodi ya laputopu ili ndi nkhani yakeyake, chifukwa mulibe chingwe choti muzule. Mabatani ake amamvetseredwa ndi kachipangizo kakang'ono kotchedwa embedded controller, komwenso kamayang'anira chaja, fani ndi chivundikiro. Kachipangizoka sikathima laputopu ikathimitsidwa, malinga batire ili momwemo, choncho kakasokonezeka ngakhale Restart nthawi zina siikafika. Mankhwala ake ndi kukamana magetsi: thimitsani laputopu, zulani chaja, chotsani batire ngati ndi yochotseka, ndipo kanikizani batani loyatsira kwa masekondi pafupifupi 30. Bwezerani zonse n'kuyatsa. Ngati batire ndi ya m'kati, musatsegule makina ndi mpeni kapena sikuludiraiva. Zulani chaja n'kukanikiza batani loyatsira nthawi yomweyo, pa malaputopu ambiri zimathandiza.

Za kiyibodi zopanda chingwe tingonena mwachidule, poti kuno n'zochepa. Yambani ndi mabatire ake, kenako zulani ndi kulowetsanso kachida kake ka USB. Ya Bluetooth imatha kuchedwa masekondi angapo kuti ilumikizanenso kompyuta ikadzuka.

Zooneka ngati vuto lomweli koma zili zina

Tinanena kuti kanyali ka Caps Lock kakhoza kumayaka bwinobwino koma zilembo osatuluka, kapena kutuluka zosayenera. Pali zinthu zitatu zimene zimachita zimenezi, ndipo zonse zimakonda kuchitika pa nthawi yodzutsa kompyuta, chifukwa munthu akafuna kuidzutsa amangokanikiza mabatani mwachisawawa.

Choyamba ndi Filter Keys. Windows inaika zimenezi pofuna kuthandiza anthu amene manja awo amanjenjemera, kuti kompyuta isamawerenge batani limene langokhudzidwa mwangozi. Zimatseguka munthu akakanikiza Shift ya kumanja kwa masekondi 8, ndipo kabokosi kofunsa kakatuluka ambiri amangodina Yes osawerenga. Zikatero kiyibodi imanyalanyaza kudina kwachangu. Njira yodziwira ndi yapafupi: kanikizani chilembo chimodzi osachotsapo chala kwa sekondi imodzi kapena iwiri. Chikatuluka, wolakwa ndi Filter Keys, ndipo mumakaitseka mu Settings pa gawo lomwe lija la Ease of Access kapena Accessibility. Mbale wake ndi Sticky Keys, amene amabwera mukadina Shift kasanu motsatizana.

Chachiwiri chimakhudza sukulu ngati yathu kuposa sukulu zina, ndipo n'chimene chinatifikitsa ife a maphunziro a Chisilamu m'nkhani za makompyuta. Makina amene timalembera mafunso a Chiarabu ali ndi zilankhulo ziwiri, ndipo kusintha kuchoka ku china kupita ku chinzake kumangofuna Alt ndi Shift pamodzi, kapena batani la Windows ndi Space. Wophunzira akalemba Chiarabu n'kusiya makina kugona, mnzake wobwera pambuyo akhoza kulemba pasiwedi ndi zilembo za Chiarabu asakudziwa, popeza m'bokosi la pasiwedi mumangooneka timadontho. Kompyuta imakana kamodzi, kawiri, katatu, iye n'kuyamba kulengeza kuti kiyibodi yapenga. Yang'anani pansi kudzanja lamanja. Ngati palembedwa ENG muli pa Chingerezi. Ngati pali chilembo cha ain muli pa Chiarabu. Dinani pamenepo ndi mausi n'kusintha. Ndipo amene mwamaliza kulemba Chiarabu, bwezerani Chingerezi musanadzuke pampando. Ndi ulemu womwewo wobwezera chinthu pamalo pamene munachipeza.

Chachitatu chili pa malaputopu ang'onoang'ono akale, amene alibe mabatani a manambala kumbali. Num Lock ikatseguka pa makina otere, U, I ndi O amatulutsa 4, 5 ndi 6, ndipo J, K ndi L amatulutsa 1, 2 ndi 3. Batani la Fn pamodzi ndi Num Lock limabwezeretsa zilembo.

Nanga ikawonongekadi tidziwa bwanji?

Sitikunena kuti kiyibodi siziwonongeka. Fumbi la mu Okutobala ndi Novembala limalowa pansi pa mabatani, chinyezi cha chiperoni mu Juni ndi Julayi chimadyetsa dzimbiri, nyenyeswa za mandasi zimaitana nyerere, ndipo makoswe amatafuna zingwe pa tchuthi. Koma kuwonongeka kotere kuli ndi zizindikiro zake. Kawirikawiri amafa ndi mabatani ena, mzere umodzi kapena mbali imodzi, ndipo amakana nthawi zonse, kaya kompyuta yagona kaya sinagone.

Pali mayeso awiri amene amathetsa mkangano. Oyamba ndi kusinthanitsa: tengani kiyibodi yokanayo mukaiike pa kompyuta ya pambali, ndipo ya pambaliyo muiike pa kompyuta yovutayo. Vuto likasamuka pamodzi ndi kiyibodi, yawonongekadi. Likatsala pa kompyuta yomweyo, kiyibodi ilibe mlandu. Pa laputopu, bwerekani kiyibodi ya USB n'kuilumikiza. Achiwiri ndi kulowa mu BIOS, tsamba limene limabwera Windows isanayambe. Mukangoyatsa makina dinani mobwereza F2, F10, Esc kapena Delete, malinga ndi kampani imene inapanga makinawo. Ngati tsambalo latseguka ndipo mabatani a mivi akuyenda m'menemo, kiyibodi ndi yamoyo ndipo vuto lili mu Windows. Tulukanimo osasintha kanthu. Ophunzira, mayeso amenewa muzichita mphunzitsi ali pomwepo, pakuti safunsa anadya phula.

Chizindikiro chimodzi chokha n'chimene sichifuna kudikira. Kiyibodi ya laputopu ikayamba kutukuka pakati, kapena pamalo poyendetsa chala pakakwera, ndiye kuti batire ya m'kati yatupa. Batire yotupa imatha kuyaka moto. Zulani chaja, thimitsani, musaikanikize, musaiboole, ndipo musaisunge m'chipinda chogona. Imeneyo ndiyo yoyenera ulendo wa ku Limbe. Makolo amene munagulira ana malaputopu ogwiritsidwapo kale ntchito, kapena amene anatumizidwa ndi achibale a ku Joni, muziyang'ana zimenezi kawirikawiri.

Okonza makina angakuuzeninso kuti BIOS ikufunika yatsopano. Nthawi zina amanena zoona, chifukwa makampani amatulutsa BIOS yatsopano pokonza mavuto a kugona ndi kudzuka omwewa. Koma magetsi akathima ntchitoyi ili pakati, kompyuta ikhoza kusiyiratu kuyaka. Ichitike pa laputopu yodzaza batire ndi chaja chili cholumikiza, kapena pa kompyuta imene ili pa UPS, ndipo failo yake ichokere pa tsamba la kampani imene inapanga makinawo osati pa fulashi ya munthu wina aliyense.

Kodi makina athu azigona n'komwe?

Funso ili ndi lanu akuluakulu a komiti, chifukwa likukhudza magetsi ndi ndalama. Sleep inapangidwa ndi anthu amene amaganiza kuti magetsi a pakhoma sathima. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Tonse tikukumbukira Januwale wa 2022, pamene namondwe Ana anawononga damu la Kapichira n'kuchotsa mphamvu pafupifupi 130 megawatts, ndipo kuthimathima kunapitirira mpaka mu 2023. Mu Malichi chaka chomwecho cha 2023 namondwe Freddy, amene boma lathu la Chiradzulu silidzamuiwala, anagwetsanso mapolo ndi mawaya m'madera ambiri a kum'mwera. Ngakhale popanda namondwe, mvula ya mabingu imodzi imakwanira kutisiya mumdima.

Kumbukirani makala okwiriridwa aja. Kompyuta ya patebulo ikagona, ntchito yosasungidwa ikukhala mu RAM chifukwa cha magetsi a pakhoma. Akathima, makala azima, ndipo ntchitoyo ikhoza kupita yonse. Windows ili ndi chitetezo chotchedwa hybrid sleep, chimene chimakopera zomwezo pa disiki pogona, koma si makina onse amene ali nacho chotsegula. Laputopu ilibe vuto limeneli malinga batire yake ikusunga moto, koma malaputopu ambiri akale batire yake inatha kalekale, ndipo akazulidwa pakhoma amathima ngati babu.

Maganizo athu ndi awa. Pa makompyuta a patebulo, mu Power Options, sikirini izithima yokha pakapita mphindi 10, koma pa mzere wa Put the computer to sleep pasankhidwe Never. Akafuna kutsutsa ena anena kuti mayunitsi azitha msanga, ndipo n'zoona kuti kompyuta yosagona imadya magetsi kuposa yogona. Yankho lake si Sleep koma chizolowezi: wochoka kwa nthawi yaitali, monga Lachisanu masana, asunge ntchito yake ndi Ctrl ndi S, kenako athimitse makina. Othima sadya mayunitsi, ndipo Fast Startup itatsekedwa adzayaka ali atsopano. Mphindi imodzi kapena ziwiri zodikira kuti ayake n'zotsika mtengo kuposa kiyibodi yatsopano imene sinkafunika. Pa malaputopu, chivundikiro chikatsekedwa pasankhidwe Hibernate m'malo mwa Sleep. Mphunzitsi wa makompyuta akalemba powercfg /a mu Command Prompt, makina amuuza magonedwe amene angathe.

Tikupemphanso zinthu ziwiri zazing'ono. Choyamba ndi kiyibodi imodzi ya USB yodziwika kuti ndi yabwino, yolembedwa chizindikiro, yosungidwa mu kabati kuti izigwira ntchito ya mayeso osinthanitsa basi, osati kupatsidwa ku makina ena. Chachiwiri ndi kope limodzi lokhala pakhomo la chipinda cha makompyuta. Vuto likachitika palembedwe tsiku, nambala ya makina, ngati makinawo anali atagona, ngati kanyali ka Caps Lock kamayaka, ndi chimene chinathandiza. Pakatha teremu kopelo lidzaonetsa lokha ngati ndi makina amodzi omwewo amene amavuta, kaya pakhala ndani, ndipo pamenepo m'pamene ndalama ya wokonza iyenera kupita.

Kwa makolo, mwana akabwera ndi uthenga woti wawononga kiyibodi ya sukulu, muli ndi ufulu wofunsa mafunso atatu musanatulutse ndalama: kodi anachita Restart, kodi kiyibodiyo inayesedwa pa kompyuta ina, ndipo kodi m'kope muja mwalembedwa chiyani za makina amenewo. Aphunzitsi tagwirizana kuti kalata yopempha malipiro isamatuluke mafunso atatuwa asanayankhidwe.